KUSANKHA ZIPANGIZO ZA TENISI YA PATEBULO MOLINGANA NDI LUSO LA WOPHUNZIRA

Chiyambi

Chaka chatha, poyendera ena mwa inu amene mudali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa, tidafika pa sukulu ina ya pulayimale imene idachita mwayi. Munthu wina wakufuna kwabwino adaipatsa tebulo la tenisi, neti, ndi mabati anayi a mtengo wapatali, a mtundu umene amaseŵerera akatswiri. Aphunzitsi aakulu adatisonyeza zinthuzo monyadira, ndipo kunyadirako kudali koyenera. Koma titaloŵa m'holo masana, tidaona zina. Ana a Sitandade 5 adandanda pamzere, aliyense kudikira nthaŵi yake. Mwana akangokhudza mpira, mpirawo unkauluka kupitirira tebulo n'kukagunda khoma, kotero kuti nthaŵi yambiri inkathera pa kutola mipira kunsi kwa mabenchi. Mtsikana wina, amene kaimidwe kake kadali kabwino kuposa ka anzake onse, adatula bati patebulo nati, "Aphunzitsi, maseŵero ameneŵa si anga."

Mnzanu amene ankatsogolera phunzirolo adadziimba mlandu, poganiza kuti sadafotokoze bwino. Ife tidaona kuti kufotokoza kwake kudalibe vuto. Vuto lidali chimene anawo adagwira m'manja.

Aphunzitsi a Sitandade 1 amadziŵa kuti mwana amayamba kulemba ndi pensulo, osati ndi cholembera cha inki. Kumudzi nako, mwana wopita kumunda koyamba amamusemera kakhasu ka mpini waufupi, sampatsa chikhasu cha atate ake. Nzeru yomweyi ndiyo ifunika pa tenisi ya patebulo. Chipangizo chimene mwana wagwira chimamuphunzitsa pamodzi ndi inu, ndipo chikakhala chosayenera luso lake chimafafaniza zimene inu mwaphunzitsa. M'nkhani ino tiona zimene malamulo amafuna, m'mene bati idapangidwira, ndi m'mene mungasankhire zipangizo za magulu atatu a ana amene mudzakumana nawo kusukulu.

1. Zimene malamulo amafuna

Malamulo a maseŵeroŵa amaikidwa ndi bungwe la International Table Tennis Federation, limene mwachidule limatchedwa ITTF, ndipo lidakhazikitsidwa mu 1926. Miyeso imene mphunzitsi ayenera kuisunga pamtima ndi iyi. Tebulo ndi la mamita 2.74 m'litali ndi mamita 1.525 m'lifupi, ndipo pamwamba pake pamatalika masentimita 76 kuchokera pansi. Neti imatalika masentimita 15.25. Mpira ndi wa mamilimita 40 kudutsa pakati, wolemera magalamu 2.7, woyera kapena wa mtundu wa lalanje, ndiponso wosanyezimira.

Samalani ndi mabuku akale amene mungaŵapeze m'laibulale. Ena amanena za mpira wa mamilimita 38 ndi za maseŵero othera pa mapointi 21. Mpira udakulitsidwa kufika pa mamilimita 40 m'chaka cha 2000, ndipo mu 2001 mapointi adatsitsidwa kufika pa 11. Kuyambira mu 2014 mipira ya mpikisano imapangidwa ndi pulasitiki m'malo mwa celluloid, amene sankachedwa kuyaka moto. Mipira yatsopanoyi imalembedwa kuti 40+.

Kunena za bati, ndiye kuti chomenyera mpira, malamulo saikapo malire pa kukula kwake kapena kulemera kwake. Amangofuna kuti thabwa lake likhale lafulati ndi losapindika, ndi kuti magawo 85 mwa 100 a kuchindikala kwa thabwalo akhale mtengo weniweni. Labala pamodzi ndi siponji yake asachindikale kupitirira pafupifupi mamilimita 4. Mbali imodzi iyenera kukhala yakuda. Mbali inayo idali yofiira kwa zaka zambiri, koma kuyambira mu 2021 mitundu ina yoŵala, monga yobiriŵira ndi yabuluu, imaloledwanso. Cholinga cha kusiyanitsa mitunduku n'chakuti woseŵera aziona mbali imene mnzake wamenyera mpira.

Onani tsono kuti malamulo amasiya danga lalikulu. Bati ya mwana woyamba lero ndi bati ya katswiri wa dziko lonse zonse n'zololedwa, koma zimasiyana ngati njinga yakapalasa ndi njinga yamoto. Kusankha pakati pa ziŵirizi ndi ntchito ya mphunzitsi.

2. Zigawo za bati ndi ntchito yake

(a) Thabwa. Nthaŵi zambiri thabwa la bati silikhala chidutswa chimodzi ayi. Limapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mosanjikiza, kaŵirikaŵiri 5 kapena 7. Mitengo yodziŵika pa ntchitoyi ndi monga limba ndi ayous, imene imamera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndiponso hinoki ya ku Japan. Thabwa la misanjiko 5 ya mtengo wokhawokha limagonja pang'ono mpira ukagunda, ndipo limanjenjemera m'dzanja. Kunjenjemera kumeneku ndi uthenga: mwana amamva yekha ngati wamenyera pakati kapena m'mphepete. Thabwa la misanjiko 7, kapena limene pakati pake adaikapo kaboni, ndi lolimba kwambiri. Limatulutsa mpira mwaliŵiro, koma uthenga uja umachepa. Opanga matabwa amalembapo zilembo zosonyeza liŵiro lake: DEF ndi thabwa lodekha la woseŵera modziteteza, ALL ndi lapakatikati, pamene OFF ndi laliŵiro, la woseŵera moukira.

(b) Siponji. Pakati pa thabwa ndi labala wapamwamba pali siponji. Mphamvu yake idadziŵika bwino mu 1952, pa mpikisano wa dziko lonse umene udachitikira ku Bombay, mzinda wa ku India umene lero umatchedwa Mumbai. Woseŵera wa ku Japan, Hiroji Satoh, adadza ndi bati yokutidwa ndi siponji yochindikala, nagonjetsa akatswiri amene ankaseŵerera labala wopanda siponji. Mu 1959 bungwe la ITTF lidaika malire a kuchindikala kwa zokutira bati. Lero siponji imagulitsidwa pa miyeso monga mamilimita 1.5, 1.8 ndi 2.0, ndipo yochindikala kufika pa malire imalembedwa kuti max. Mpira ukagunda, siponji imaumira n'kuukankha pobwerera. Ikakhala yochindikala imaukankha kwambiri.

(c) Labala wapamwamba. Labala aliyense ali ndi tiziphuphu mbali imodzi. Tiziphuphuto tikayang'ana m'kati, pamwamba pamakhala posalala, ndipo labala wotereyu ndiye amene oseŵera ambiri amagwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti amagwira mpira. Woseŵera akaukhudza mokweza bati, mpira umazungulira chopita kutsogolo, ndipo ukadutsa neti umagwera msanga patebulo. Akaukhudza motsitsa bati, umazungulira chobwerera m'mbuyo, ndipo womulandira akapanda kusamala amaugwetsera mu neti. Kuzungulira kwa mpira ndiko phata la maseŵero onseŵa. Koma dziŵani kuti labala wogwira kwambiri amamvanso kwambiri kuzungulira kochokera kwa mnzako. Palinso labala wa tiziphuphu toyang'ana kunja, tatifupi kapena tatitali, ndi wina woterera wopangidwira kupha kuzungulira kwa mpira. Za ameneŵa tinena pambuyo pake.

(d) Chogwirira. Pali magwiridwe aŵiri a bati: kuigwira ngati ukupereka moni wa m'manja, ndi kuigwira ngati cholembera. Magwiridwe oyambawo ndi amene afala pa dziko lonse, ndipo ndiwo osavuta kuphunzitsa gulu lalikulu. Chogwirira chotambasuka kumapeto, cholembedwa FL, sichipulumuka msanga m'dzanja la mwana poyerekeza ndi chowongoka, cholembedwa ST. Mwana asanalandire bati, onani ngati zala zake zikuzungulira chogwirira popanda kufinya.

Pa mapaketi a mabati mudzaonapo manambala osonyeza liŵiro, kuzungulira ndi kuwongolera mpira. Kampani iliyonse ili ndi muyeso wakewake, choncho 90 ya kampani ina singafanizidwe ndi 90 ya kampani inzake. Paketi yokongola isakunyengeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Gulu loyamba: oyamba kumene

Aŵa ndi ana amene sangathe kubwezerana mpira kakhumi popanda kulakwitsa. Chimene akuphunzira ndi kugwira bati, kuima moŵerama pang'ono, kuyang'ana mpira, ndi kuyendetsa mkono wonse kuchokera kumbuyo kufikira kutsogolo. Asoŵa bati yopepuka, yodekha, ya thabwa la mtengo wokhawokha la muyeso wa ALL, ya labala wosalala mbali zonse ziŵiri, ndi siponji yofeŵa ya mamilimita 1.5 kapena 1.8. Bati yomatiratu kufakitale ndi yokwanira pa gulu ili, malinga ngati labala wake akugwira mpira.

Pali mbuna ziŵiri zimene aphunzitsi amagweramo, ndipo tiyenera kuziona bwino chifukwa mmera m'poyamba.

Mbuna yoyamba ndi bati yaliŵiro kwambiri, ngati ija tidaiona m'holo muja. Mwana akaona kuti mpira ukupitirira tebulo, thupi lake limadzipezera lokha njira. Amafupikitsa kamenyedwe, naumitsa mkono, nayamba kujompha mpira ngati nkhuku yotola chimanga. Kumenya kotereku kumaloŵetsadi mpira patebulo kangapo, ndipo mwanayo amakukhulupirira. Pakatha teremu imodzi chimakhala chizoloŵezi, ndipo kuchichotsa kumatenga nthaŵi yaitali kuposa imene chidatenga kuti chiloŵe. Ana ena sadikira n'komwe kuti chizoloŵezi chibwere. Amangoganiza kuti alibe mphatso, nasiya.

Mbuna yachiŵiri ndi bati yakufa, ya labala wouma ndi woterera ngati pulasitiki. Mabati otereŵa ndi otsika mtengo ndipo amakopa sukulu yosoŵa ndalama. Popeza labala sagwira mpira, mwana sangauzungulitse ngakhale atatsata bwino malangizo anu. Kuti mpira udutse neti, amayang'anitsa bati kumwamba n'kumautapa ngati akuomola nsima ndi chipande. Tsiku limene adzagwire bati yeniyeni, mipira yake yonse idzakwera kudenga.

Njira yoyesera labala ndi yapafupi, ndipo mungaichite m'sitolo momwemo ngati wogulitsa alola. Gwirani mpira ndi zala, muukhudzitse pa labala, ndipo muukoke pang'onopang'ono osaukanikiza kwambiri. Ukamakana kuyenda, labalayo ali moyo. Ukamaterera ngati pa galasi, musagule.

Nanga mabati osema tokha? Kalipentala angathe kudula timatabwa ta pulayiwudi mofanana ndi bati, ndipo timathandiza m'masabata oyamba pa ntchito monga kuyenda mpira uli pa thabwa, kuudunda m'mwamba moŵerenga, ndi kuumenyetsa kukhoma. Ntchito zimenezi zimapatsa mwana aliyense chochita pamene ena ali patebulo. Koma pophunzitsa kamenyedwe kenikeni, mwana agwire bati ya labala ndi siponji.

4. Gulu lachiŵiri: amene akhazikika

Musakweze mwana chifukwa cha msinkhu wake kapena chifukwa chakuti makolo ake angathe kugula. Mukwezeni chifukwa cha zimene dzanja lake likuchita. Ife timagwiritsa ntchito muyeso uwu, ndipo mungausinthe malinga ndi ana anu:

(i) Athe kubwezerana mpira ka 20 mosadukiza ndi mbali ya chikhatho, ndiponso ka 20 ndi mbali ya kuseri kwa dzanja.

(ii) Athe kuseva, ndiko kuyambitsa mpira, motsata malamulo, ndi kuugwetsera mbali ya tebulo imene inu mwaloza.

(iii) Athe kubweza mpira wozungulira chobwerera m'mbuyo popanda kuugwetsera mu neti nthaŵi zonse.

(iv) Ayambe kuzungulitsa mpira mwadala, osati mwangozi.

Mwana wofika apa bati yoyamba ija imayamba kumuchepera. Mudzaona kuti akumenya bwino, mkono wonse ukuyenda, koma mpira ukufika wofooka. Imeneyi ndiyo nthaŵi yomupezera bati yogula thabwa palokha ndi labala payekha. Thabwa likhalebe la misanjiko 5 ya mtengo wokhawokha, la muyeso wa ALL, ndipo siponji ikwere kufika pa mamilimita 1.8 kapena 2.0. Mitundu ya labala imene yaphunzitsa mibadwo yambiri ya oseŵera ndi monga Sriver wa kampani ya Butterfly, amene adatuluka mu 1967, ndi Mark V wa kampani ya Yasaka, amene adatuluka mu 1969. Kampani za ku China, monga imene imapanga Friendship 729, zili ndi labala wotsikirapo mtengo amene amagwira ntchito bwino pa gulu ili. Tikulangiza kuti mbali zonse ziŵiri zikhale ndi labala wa mtundu umodzi, kuti mwana asamaphunzire zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi.

Bati yotereyi imaoneka yodula tsiku logula, koma imapulumutsa ndalama m'tsogolo. Thabwa losamalidwa limakhala zaka zambiri. Labala ndiye amatha, ndipo akatha amamatulidwa n'kumatapo wina. Ngati mwanayo adzapita ku mpikisano, onetsetsani kuti m'munsi mwa labala, pafupi ndi chogwirira, muli chizindikiro cha ITTF ndi dzina la labalayo, ndipo podula labala musadule zolembedwazo. Pomata gwiritsani ntchito guluu wopangidwira mabati, amene amasungunulidwa ndi madzi. Guluu wa fungo lamphamvu, monga womatira chubu cha njinga, ngoletsedwa pa mpikisano kuyambira mu 2008 chifukwa mpweya wake umawononga thanzi, ndipo sayenera kupezeka m'manja mwa ana.

Chenjezo lina likhudza labala wa tiziphuphu tatitali ndi labala woterera uja. Mwana wa gulu ili akapatsidwa labala wotere amayamba kugonjetsa anzake mwadzidzidzi, chifukwa mpira umabwerera mosokoneza ndipo anzakewo sadaphunzire kuuŵerenga. Mphunzitsi wofuna chikho cha msanga amakopeka. Koma mwanayo amakhala akupambana ndi labala, osati ndi dzanja lake, ndipo akadzakumana ndi oseŵera odziŵa amapezeka kuti alibe china chodalira. Ayambe wadziŵa kuzungulitsa mpira yekha, pambuyo pake ndi pamene angasankhe njira yosokonezera kuzungulira kwa ena.

5. Gulu lachitatu: opikisana

Pa sukulu iliyonse aŵa amakhala oŵerengeka. Ndi ana amene amayeserera kangapo pa sabata, amene mapazi awo amafika pamalo mpira usanafike, ndipo kaseŵeredwe kawo kayamba kudziŵika. Pa gulu ili funso silikhalanso lakuti, kodi mwana angathe kuwongolera mpira? Limakhala lakuti, kodi mwanayu amapambana bwanji?

Woukira, amene amapeza mapointi pomenya mpira wozungulira chopita kutsogolo mwamphamvu, angapindule ndi thabwa la muyeso wa OFF, la misanjiko 7 kapena la kaboni, ndi siponji ya mamilimita 2.0 kapena max. Labala monga Tenergy 05 wa Butterfly, amene adatuluka mu 2008, amakankha mpira kwambiri. Labala monga Hurricane wa kampani ya DHS ya ku China ndi womata pamwamba ndi wa siponji yolimba, ndipo amafuna woseŵera wamphamvu amene amamenya ndi thupi lonse. Wodziteteza, amene amaima kutali ndi tebulo n'kumabweza mipira motsitsa bati mpaka mnzake atalakwitsa, asoŵa thabwa lodekha la muyeso wa DEF, ndipo iyeyu ndiye woyenera kuyesa tiziphuphu tatitali ku mbali ya kuseri kwa dzanja.

Posintha zipangizo pa gulu ili tsatani malangizo atatu. Poyamba, sinthani chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, labala kapena thabwa, kuti mudziŵe chimene chathandiza kapena chawononga. Kachiŵiri, ngati n'kotheka mwana abwereke kaye bati ya mtunduwo kwa mnzake asanagule. Kachitatu, musasinthe mpikisano uli pafupi, pakuti dzanja limafuna masabata angapo kuti lizoloŵere.

Ana a masiku ano amaonera akatswiri pa wailesi ya kanema ndi pa mafoni. Amadziŵa za Quadri Aruna wa ku Nigeria, amene mu 2016 ku Rio de Janeiro adakhala woseŵera woyamba wa mu Africa kufika m'gulu la anthu 8 otsiriza pa mpikisano wa Olympics, ndipo adzakupemphani bati yonga yake. Musaŵagwetse mphwayi. Auzeni kuti bati ya katswiri imamvera dzanja limene layeserera maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zochuluka, ndi kuti njira yofikira ku bati imeneyo imadzera pa bati yodekha imene ali nayo lero.

6. Mpira, tebulo, neti ndi malo

Mipira imaikidwa m'magulu ndi nyenyezi zolembedwa pamenepo. Ya nyenyezi zitatu ndiyo yobulungira bwino ndi yolimba, ndipo ndiyo ya mpikisano. Ya nyenyezi imodzi, kapena yopangidwira kuyeserera, ndi yotsika mtengo. Ana a gulu loyamba amaponda mipira, kuitaya ndi kuiphwanya, choncho chimene asoŵa ndi kuchuluka kwa mipira. Mphunzitsi amene ali ndi beseni la mipira 30 angathe kuponyera mwana mipira motsatizana popanda kuima, ndipo m'mphindi ziŵiri mwanayo amamenya kambiri kuposa m'mene akadamenyera pa phunziro lonse ndi mpira umodzi. Ya nyenyezi zitatu isungireni gulu lachitatu ndi masiku a mpikisano. Kuti mudziŵe ngati mpira uli wobulungira, uzungulitseni patebulo ndi zala. Ukamagwedera, ndiye kuti ndi wopotoka. Ngati makoma a chipinda ndi opaka laimu, kapena ana avala malaya oyera, mpira wa mtundu wa lalanje umaoneka bwino.

Tebulo labwino limadziŵika ndi kudumpha kwa mpira, ndipo choyesera chake chili m'thumba la mwana aliyense: rula ya masentimita 30. Imikani rula patebulo, ndipo mugwetse mpira kuchokera pa nsonga yake. Uyenera kudumpha pafupifupi masentimita 23, ndipo uzitero paliponse, pakati ndi m'makona momwe. Rula yomweyo iyesenso neti, imene kutalika kwake ndi theka la rula ndi kachidutswa kakang'ono. Matebulo a mpikisano amakhala ndi thabwa lochindikala mamilimita 22 mpaka 25. Thabwa lopyapyala kwambiri silidumphitsa bwino mpira ndipo limapindika ndi chinyontho. Ngati sukulu ipangitsa tebulo kwa kalipentala, lipangidwe m'zigawo ziŵiri, chilichonse cha mamita 1.37 m'litali, kuti lisavute kunyamula ndi kusunga. Lipakidwe penti wakuda pang'ono, wobiriŵira kapena wabuluu, wosanyezimira, ndi mzere woyera wa masentimita 2 m'mphepete monse.

Kwa ana aang'ono a m'makalasi oyamba, masentimita 76 ndi aatali. Mwana amene tebulo likumufika pachifuwa amakweza phewa pomenya, ndipo chimenechi nachonso chimasanduka chizoloŵezi choipa. Mungathe kuika thabwa la tebulo pa madesiki aafupi, kapena kuyamba ndi maseŵero a pansi ndi a kukhoma mpaka atakulako.

Tebulo la simenti lomangidwa panja limakhalitsa ndipo ana amaligwiritsa ntchito nthaŵi iliyonse, koma kumbukirani kuti mpira wa magalamu 2.7 umatengeka ndi kamphepo kalikonse. Likhale pa malo otchingidwa ndi khoma kapena mitengo. M'holo, sesani pansi musanayambe, chifukwa fumbi la pa simenti limatereretsa. Nsapato zoyenera ndi zopepuka, za labala wafulati kunsi; nsapato zachikopa za yunifolomu sizigwira pansi.

7. Kugula ndi kusamala

Ndalama za maseŵero pa sukulu zambiri n'zochepa, ndipo mukazimwaza simudzazipezanso chaka chomwecho. Musanapite kwa aphunzitsi aakulu kapena ku komiti ya sukulu, ŵerengani ana anu ndi kuŵaika m'magulu atatu aja. Mudzapeza kuti ambiri ali m'gulu loyamba. Ndalama zitsate chiŵerengerocho. Mabati 8 odekha a mtundu umodzi ndi mipira yambiri yoyeserera zimaphunzitsa kalasi yonse, pamene ndalama zomwezo zikagula mabati aŵiri a akatswiri sizithandiza ngakhale mwana mmodzi. Mabati ofanana ali ndi ubwino winanso: mwana akalakwitsa mumadziŵa kuti vuto lili pa dzanja, ndipo ana sakanganirana bati imodzi.

Adani a labala ndi dzuŵa, kutentha, fumbi ndi mafuta a m'manja. Phunziro likatha, ana apukute labala ndi kansalu kofeŵa konyoŵetsedwa pang'ono ndi madzi oyera, adikire kuti aume, ndipo aphimbe mbali iliyonse ndi pepala la pulasitiki loyera. Thabwa ndi chogwirira zisanyowe. Mabati asasiyidwe pawindo kapena pafupi ndi denga la malata, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Lembani nambala pa chogwirira chilichonse, ndipo sankhani ana aŵiri oti aziŵerenga mabati ndi mipira poyamba ndi pomaliza. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse yesani labala ndi njira ija yokoka mpira, pakuti bati yabwino ya chaka chatha ingathe kukhala bati yakufa ya chaka chino.

Mawu omaliza

Tibwerere ku sukulu ija. Tidapempha aphunzitsi aakulu kuti mabati anayi aja atsekeredwe kaye m'kabati, ndipo mnzanu uja adabwereka mabati odekha ku sukulu yoyandikana nayo. Titabwereranso patapita masabata atatu, tidapeza mtsikana uja ali patebulo, anzake akuŵerenga mokweza. Adabwezerana mpira ndi mnzake ka 14 asanalakwitse. Kaphunzitsidwe kadali komwe kaja, mphunzitsi yemwe uja, ndi mwana yemwe uja.

Mukadzapita ku sukulu zanu, mwana akamalephera musafulumire kunena kuti alibe mphatso, ndipo musafulumire kudziimba mlandu. Yambani mwatenga bati yake, muiyang'ane, muiyese ndi dzanja lanu. Ngati inu amene ikukuvutani kuwongolera, mwana wa zaka 10 ingamuchitire chiyani?

Ntchito yoti muchite

1. Pitani m'chipinda chosungiramo zipangizo za maseŵero pa koleji pano. Yesani labala wa bati iliyonse, ndipo mulembe gulu la ana limene batiyo ingayenere, kapena ngati ili yakufa.

2. Ndi rula ya masentimita 30, yesani kudumpha kwa mpira pa malo 6 osiyanasiyana a tebulo lathu. Lembani zimene mwapeza ndi kufotokoza tanthauzo lake.

3. Muli ndi ana 40, tebulo limodzi ndi mabati 8. Konzani phunziro la mphindi 35 loti mwana aliyense akhale ndi chochita nthaŵi yonse.

4. Kholo lagulira mwana wake woyamba kumene bati ya kaboni ya mtengo wapatali. Kambiranani m'magulu m'mene mungalankhulire ndi khololo mwaulemu, popanda kulikhumudwitsa ndiponso popanda kuwononga kaphunziridwe ka mwanayo.